Kusoka chofunda cha zigamba ndi nsalu za batik, ndi kasamalidwe kake

Kuzizira kwa ku Harare m'miyezi ya Juni ndi Julayi sikutheka ndi bulangete limodzi, ndipo ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi n'kudzakhazikika ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mabvuku tinakula tikufunda zofunda zimene amayi athu ankalumikiza ndi tinsalu totsala kwa atelala. Chofunda chotere, chimene m'masitolo amachitcha quilt, chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikiza, yapamwamba ya zigamba, chapakati chobweretsa kutentha, ndi yapansi yogunda thupi. Ine ndasoka zofunda zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo pa nsalu zonse zimene zadutsa pansi pa singano yanga palibe yokongola ngati batik, komanso palibe imene imalanga munthu waphuma ngati iyoyo. N'chifukwa chake zambiri zimene ndilembe pano zikukhudza ntchito yochitika sizasi isanakhudze nsalu.

Choyamba ndi kudziwa chimene mwagwira m'manja, pakuti dzina limodzi la batik muno mumzinda limanyamula nsalu zitatu zosiyana. Batik yeniyeni kwawo ndi ku chilumba cha Java m'dziko la Indonesia, m'mizinda ngati Yogyakarta, Solo ndi Pekalongan, ndipo bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pansi pa United Nations, linailemba m'chaka cha 2009 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Amisiri a kumeneko amalemba maluwa pa nsalu ndi phula lotentha, mwina ndi kachipangizo kam'manja kotchedwa canting, mwina ndi chidindo chamkuwa chotchedwa cap, kenako amanyika nsaluyo mu utoto. Pamene pali phula utoto sulowa. Akatha amaiwiritsa kuti phula lichoke, ndipo amatha kubwereza zimenezi kangapo malinga ndi kuchuluka kwa mitundu. Nsalu yopirira zonsezi imayenera kukhala ya thonje lolukidwa mothinana kwambiri, ndipo pofika kwa inu imakhala itaphikidwa kale, kotero siichepa kwambiri ikachapidwa, m'mphepete mwake simuyoyoka ulusi wambiri, ndipo utoto umakhala utalowa mbali zonse ziwiri moti n'kovuta kusiyanitsa kumaso ndi kumbuyo.

Yachiwiri ndi ija anzathu a Chishona amaitcha zambia kapena java, ife n'kumati chitenje. Dzina la java silinabwere mwangozi, chifukwa nsaluzi zinayamba pamene makampani a ku Ulaya, monga Vlisco ya ku Helmond m'dziko la Netherlands imene inakhazikitsidwa mu 1846, ankayesa kutsanzira batik ya ku Java ndi makina, ndipo malonda ake anadzakula kuno ku Africa. Zitenje zambiri zotsika mtengo zimene zili pamsika lero sizinaone phula n'komwe, zinangodindidwa kumaso kokha, ndipo zina si thonje ayi. Mukakayikira, dulani kachidutswa kochepa m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi pabwalo. Thonje limanunkha ngati pepala loyaka ndipo limasiya phulusa lofewa, pamene polyester imasungunuka n'kuuma ngati kamkanda kakuda kolimba.

Yachitatu ndi yathu ya muno, imene amaitcha sadza batik ndipo imapezeka m'misika ya zosemasema ndi zokongoletsa m'nyumba ngati wa ku Avondale. M'malo mwa phula, amisiri amagwiritsa ntchito phala la ufa wa chimanga. Amalemba nalo zithunzi pa nsalu, amayanika padzuwa mpaka phalalo litauma n'kung'aluka, amapaka penti, kenako amapala phala lija n'kutenthetsa nsalu kuti penti agwire. Penti ameneyu amakhala pamwamba pa ulusi, salowa mkati ngati utoto wonyika, n'chifukwa chake nsaluyi imakhala yolimbirapo, kumbuyo kwake kumakhala kotuwa, ndipo kawirikawiri ndi yokhuthala kuposa ya ku Java. Ine ndimaikonda ikakhala chithunzi chimodzi chachikulu pakati pa chofunda, mwina cha nkhanga kapena cha njovu, zigamba zina n'kumazungulira m'mbali. Kuidula tizidutswa tating'ono kumawononga chithunzi ndipo misoko yake imatupa.

Nsalu zitatuzi zikhoza kukhala m'chofunda chimodzi, malinga zonse zikhale za thonje, zisasiyane kwambiri makulidwe, ndipo iliyonse ikhale itayesedwa payokha.

Kuyesa utoto

Apa ndi pamene ndinaphunzirira ndi misozi. Ndinasokera mwana wa mchemwali wanga chofunda cha ukwati, cha nyenyezi zofiira pa nsalu yoyera, ndipo ndinachisoka kwa miyezi itatu madzulo aliwonse. Wogulitsa nsalu yofiirayo ananditsimikizira kuti siisuluka, ine ndinakhulupirira, sindinaichape. Sabata ya ukwati itakwana ndinati ndichotse zizindikiro za choko, ndipo nditangochimiza m'bafa madzi onse anasanduka ngati a chidede. Ndinachita mantha, ndinachitulutsa n'kuchisiya chopinda m'beseni pamene ndinkathamangira kwa mnzanga kukafunsa nzeru. Pobwera, nyenyezi iliyonse inali itadinda mnzake pa nsalu yoyera. Cholakwa chachikulu sichinali cha wogulitsa, chinali changa, kawiri konse, posayesa nsalu komanso posiya chofunda chonyowa chitapindidwa.

Kuyesako n'kosavuta. Dulani kachidutswa ka masentimita 5 mbali zonse pa nsalu iliyonse, kaikeni m'botolo lagalasi la madzi ofunda momwe mwadonthezera sopo wotsukira mbale, ndipo mudikire theka la ola. Mukaika botololo pa pepala loyera mudzaona ngati madzi asintha mtundu. Koma madzi kusintha si umboni wokwanira, chifukwa utoto wina umatuluka koma osagwira nsalu ina, choncho katulutseni kachidutswako, kagonekeni pakati pa tinsalu tiwiri toyera ta mtundu umene mudzagwiritse ntchito m'chofundacho, tsindirani ndi mbale, ndipo muzisiye ziumire pamodzi. Nsalu yoyera ikadetsedwa, mwadziwa kuti muli ndi ntchito. Mitundu imene imavutitsa kawirikawiri ndi yofiira, yabuluu wakuda, yapepo ndi yobiriwira kwambiri. Sadza batik muiyesenso poipukuta mwamphamvu ndi kansalu koyera kouma, kenako konyowa, chifukwa penti amene sanatenthedwe mokwanira amachoka ndi kukhulana.

Nsalu imene yatulutsa utoto ichapeni payokha m'madzi otentha ambiri ndi sopo pang'ono, muziitakasa, ndipo musinthe madzi mpaka atayera. Mawu akuti ambiri ndi ofunika, chifukwa utoto wotuluka umafuna malo oyandama, ndipo m'kabeseni kothina umangobwerera pa nsalu yomweyo n'kudetsa maluwa ake owala. Ndikudziwa kuti m'madera ngati Mabvuku ndi Tafara madzi ndi otunga pa mjigo ndipo ndowa iliyonse ili ndi ntchito yake, komabe ndi bwino kutaya ndowa zinayi pa nsalu ya mamita awiri kusiyana n'kutaya miyezi itatu. Madzi otsukuluzira mukhoza kukolopera. Nsalu imene ikutulutsabe utoto itachapidwa kanayi kapena kasanu musailowetse m'chofunda chokhala ndi zoyera. Isungireni chofunda cha mitundu yakuda yokhayokha kapena musokere chikwama.

Ambiri tinaphunzitsidwa kuti mchere kapena viniga amagwiritsa utoto. Pa nsalu ya thonje imene inanyikidwa kale zimenezi sizithandiza. Mchere umagwira ntchito pa nthawi yonyika, pothandiza utoto kulowa mu ulusi, ndipo viniga ndi wa utoto wa ubweya ndi silika. Chimene chikutuluka m'nsalu yanu ndi utoto wotsala umene sunagwire, ndipo mankhwala ake ndi kuuchotsa basi. Musamalenso ndi madzi a pampopi amene angobwera atasowa masiku angapo, chifukwa oyambawo amakhala ndi dzimbiri la m'mapaipi lomwe limasiya madontho achikasu osachoka. Madzi amvula, kwa amene amatchera m'migolo kuyambira Novembala, ndi abwino koposa chifukwa sopo amatsukuluzika msanga.

Nthawi zina mudzapeza timalo tolimba tonyezimira pa batik ya ku Java. Limenelo ndi phula lotsalira, ndipo likasiyidwa limamata singano. Ikani pepala lopanda zolemba pansi ndi pamwamba n'kusita ndi nsimbi yotentha, phulalo lidzalowa m'pepala. Nyuzipepala ayi, inki yake imasamukira pa nsalu. Pa sadza batik chotsalira ndi phala louma m'ming'alu, ndipo chimenecho ndi chakudya cha mphemvu ndi makoswe, choncho nyikani nsaluyo m'madzi ozizira, palani pang'onopang'ono ndi chikhadabo kapena burashi yofewa, osaifikisa, ndipo poisita muzisita kumbuyo.

Kudula ndi kulumikiza

Batik ya zofunda imabwera yotambalala masentimita pafupifupi 112. Tiyerekeze kuti mukufuna chofunda cha bedi la anthu awiri, cha masentimita 200 m'lifupi ndi 220 m'litali, cha zigamba zofanana mbali zonse za masentimita 10. Mudzafunika mizere 22 ya zigamba 20, zonse pamodzi 440. Msoko wa zofunda umadutsa mamilimita 6 kuchokera m'mphepete mwa chigamba, choncho chigamba chilichonse chidulidwe masentimita 11.2. Mukachotsa mphepete zolimba za nsalu, zimene siziyenera kulowa m'chofunda chifukwa zimakoka msoko, mzere umodzi wodulidwa m'lifupi mwa nsalu umapereka zigamba 9 ndipo mita imodzi imapereka mizere 8, kutanthauza zigamba 72. Mamita 6 amaperewera pang'ono, choncho gulani mamita 7 pophatikiza mitundu yonse, kuti pakhale potsala pokonzera zolakwika. Chikombole chodulira chipangeni ndi pulasitiki yolimba, monga chivundikiro cha chidebe cha ayisikilimu, chifukwa cha katoni chimadyeka m'mbali ndipo chigamba cha 400 sichifanana ndi choyamba.

Musapeputse milimita imodzi. Mzere wa zigamba 20 uli ndi misoko 19, ndipo msoko uliwonse ukakula ndi milimita imodzi umadya mamilimita awiri, imodzi mbali iyi ina mbali inayo, moti mzere wonse umafupika ndi masentimita pafupifupi 4 ndipo ngodya zake sizikumana ndi za mzere woyandikana nawo. Ine ndinamata tepi pa mbale ya makina anga pa mtunda wa mamilimita 6 kuchokera pa singano, ndipo mphepete ya nsalu imayenda motsatira tepiyo.

Popeza batik ya ku Java ilibe kumaso kodziwika bwino, sankhani mbali imene maluwa ake ali akuthwa, ndipo muike kadontho ka choko kumbuyo kwa chigamba chilichonse mukangodula. Masana simungaone kusiyana, koma chofunda chikayalidwa pabedi chigamba chotembenuzika chimaoneka chozimiririka pakati pa zinzake. Kusankha mitundu kuchitike pa kuwala kwa dzuwa. Yalani zigamba pansi, zijambuleni ndi foni, ndipo chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Mukatero mudzaona ngati muli ndi zowala, zapakati ndi zakuda, chifukwa batik zambiri zokongola zimakhala zapakati zokhazokha, ndipo zikalumikizidwa popanda yowala kapena yakuda chithunzi cha chofunda chimasokonekera.

Nkhani ya singano ndi imene atelala ambiri amatsutsana nane, chifukwa anazolowera nambala 14 kapena 16 pa nsalu iliyonse. Pa nsalu yothinana ngati batik singano yaikulu kapena yobuntha siipeza mpata pakati pa ulusi, imachita kuboola mokankha, ndipo mudzamva makina akugogoda, msoko ukulumpha, nsalu ikukwinyika. Gwiritsani ntchito singano yaing'ono yosongoka kwambiri, ya nambala 70/10 kapena 80/12, ndipo ikapezeka yolembedwa Microtex ndiye yabwino koposa. Singano za makina a m'nyumba zophwatalala kumbuyo zimalowanso bwino m'makina ambiri akale opalasa ndi mapazi a Singer, amene ine ndimawadalira magetsi akazima. Isintheni mukasoka maola pafupifupi 8, kapena mukangomva kugogoda kuja. Nambala 90/14 isungireni sadza batik yokhuthala. Ulusi ukhale wa thonje wopyapyala, uja wolembedwa 50, wa mtundu wotuwa ngati phulusa umene umabisala pakati pa mitundu yambiri, ndipo mtunda wa pakati pa mabowo a singano ukhale wa mamilimita 2 kapena kuposerapo pang'ono. Musaufupikitse kwambiri, chifukwa batik imasunga mabowo a singano, ndipo mukalakwitsa n'kumasula, mzere wa timabowo umatsala. Kunyowetsa malowo n'kukanda ndi chikhadabo, kenako n'kusita, kumathandiza kutseka mabowowo. Mapini nawonso akhale opyapyala ndi opanda dzimbiri, ndipo muziwalasa mkati mwa malire a msoko.

Posita misoko, nsimbi izitsika n'kunyamuka, isamakhwekhwerezedwe, ndipo msoko uzigonekedwa kumbali ya nsalu yakuda kuti usaonekere pansi pa yoyera. Mizere yoyandikana igonekedwe mosemphana, wina kumanja wina kumanzere, kuti pa mphambano misoko ilumane. Amene mukugwiritsa ntchito nsimbi yamakala, yalani kansalu koyera pamwamba, chifukwa kamoto kamodzi kothetheka kamasiya bowo pa chigamba chimene chili kale pakati pa zinzake.

Kusanjikiza ndi kusoka zitatu pamodzi

Nsalu yapansi ndi chapakati zikhale zazikulu kuposa yapamwamba ndi masentimita 10 mbali iliyonse. Chapakati chikhoza kukhala thonje kapena polyester yogula pa mita, kapena bulangete lakale lopyapyala lochapidwa bwino, limene ndi lotentha koma lolemera ndipo limachedwa kuuma. Yalani pansi posesa bwino, kokani nsalu yapansi pang'ono n'kuimata ndi tepi m'ngodya, yalani zinazo pamwamba, ndipo mumange ndi mapini otseka kuyambira pakati kupita kunja, motalikirana ngati chikhato chanu.

Ngati mukufuna kusoka ndi manja, ndikulangizani kuti musaike batik pansi. Kulasa nsalu yothinana kamodzi n'kotheka, koma pamwamba ndi pansi pomwe zala zimatupa musanafike pakati pa ntchito. Ikani nsalu yathonje yofewa, yesaninso utoto wake, valani kachitsulo koteteza chala, ndipo musoke pafupi ndi misoko koma osadutsa pamene nsalu zapindana. Mizere ya msoko isatalikirane kuposa masentimita 10, kuopa kuti chapakati chingaunjikane malo amodzi pochapa. Amene alibe nthawi akhoza kumanga mfundo za ulusi wokhuthala pa mphambano iliyonse, monga ankachitira agogo athu, ndipo chofunda chotere chimakhala chofewa kwambiri. Pa mpendero ndi pamene batik imaonetsa ubwino wake, chifukwa siitha msanga. Dulani timizere ta masentimita 6, tipindeni pawiri m'litali, sokani ndi makina kumaso, n'kutembenuzira kumbuyo kukamaliza ndi manja.

Kuchapa, kuyanika ndi kusunga

Chofunda cha batik sichifuna kuchapidwa pafupipafupi. Kamodzi kapena kawiri pa chaka n'kokwanira ngati pansi pake pali shiti, ndipo nthawi yabwino ndi kumapeto kwa chisanu, tsiku lopanda fumbi la mphepo ya Ogasiti. Ku Java amachapa batik ndi zipatso za mtengo wotchedwa lerak chifukwa thovu lake ndi lofatsa. Ife tigwiritse ntchito sopo wamadzi wofatsa, ndipo tipewe sopo waufa wolonjeza kuyeretsa kwambiri, makamakanso Jik ndi mankhwala onse otere. Dzazani bafa kapena beseni lalikulu ndi madzi ozizira, sungunulani sopo musanaike chofunda, ponyanimo kansalu koyera koti kakuchenjezeni ngati utoto ukutuluka, ndipo muzikanikiza ndi manja osafikisa, osamenyetsa pamwala, osapotokola. Chofunda chonyowa chimalemera kwambiri ndipo kuchinyamula ndi ngodya kumadula ulusi, choncho chigubuduzireni pa shiti n'kunyamula awiri.

Utoto ukatuluka mwadzidzidzi, musachite zimene ndinachita ine. Musachitulutse n'kuchiunjika, musachiyanike, ndipo musachisite, chifukwa kuuma ndi kutentha kwa nsimbi kumalimbitsa banga. Chisiyeni chomira chonse m'madzi ambiri otentha okhala ndi sopo wotsukira mbale, chitsindireni ndi mabotolo amadzi kuti pasakhale mbali yotulukira pamwamba, sinthani madzi akada, ndipo chikhalemo maola angapo, ngakhale usiku wonse. Chofunda cha ukwati chija chinayera ndi njira imeneyi pa tsiku lachiwiri, kupatula ngodya imodzi imene inali itauma kale. Njirayi ndi ya nsalu zonyikidwa mu utoto. Pamene pali sadza batik madzi akhale ofunda chabe ndipo nthawi ikhale yochepa, poopa kufewetsa penti.

Mzinda wa Harare uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo dzuwa lake limasulutsa nsalu msanga ngakhale tsiku lozizira. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, chogoneka pa shiti kapena chopachika pa zingwe zitatu zoyandikana kuti kulemera kugawike, kumaso kuyang'ane pansi. Ngati chingwe chili cha waya, yalanipo nsalu yakale poopa dzimbiri. Bedi limene lili pa windo lolowa dzuwa la masana limasulutsa mbali imodzi yokha ya chofunda, choncho muzichitembenuza kapena muzitseka katani.

Kutentha kukayamba mu Seputembala ndipo mukufuna kuchisunga, onetsetsani kuti chaumiratu mpaka mkati, n'kuchiika m'chikwama cha nsalu yathonje kapena m'chovala cha pilo chachikulu. Matumba apulasitiki amatsekera chinyontho, ndipo m'miyezi ya mvula nkhungu imamera n'kusiya timadontho takuda. Chisagunde thabwa losapaka vanishi kapena chitsulo cha sutikesi, chifukwa zonsezi zimasiya mabanga ofiirira. Batik imasunga mzere wa popinda kuposa nsalu zina, ndiye pakatha miyezi itatu iliyonse chitulutseni, chikunthireni pamthunzi, ndipo muchipinde mwa njira ina kuti mzere usagwere pamalo omwewo. Tinsalu totsala pa chofundacho musataye. Tichapeni nthawi iliyonse imene mukuchapa chofunda n'kutisunga m'chikwama chomwecho, kuti tsiku limene chigamba china chidzang'ambike mudzakhale ndi nsalu imene yasuluka mofanana ndi zinzake.